Kumva, Kumvetsa ndi Kumveka: Chinenero pa Kafukufuku wa Boma wa za Lamya ndi Deta mu Pretoria

1. Mawu oyamba

Kuyambira pa 17 kufikira pa 19 Okutobala 2018, bungwe la Competition Commission, limene likulu lake lili ku Sunnyside muno mu Pretoria, linachititsa msonkhano wapoyera wofuna kumva maganizo a anthu pa mtengo wa deta ya pa foni za m'manja. Kafukufuku ameneyu anali atayamba mu Ogasiti 2017 potsatira pempho la nduna Ebrahim Patel, ndipo chimene chinautsa nkhaniyo chinali chidandaulo chimene chinamveka m'dziko lonse mu 2016 pansi pa dzina lakuti #DataMustFall. Pa msonkhanowo panafika akuluakulu a makampani a Vodacom, MTN, Cell C ndi Telkom; panafikanso mabungwe oyankhulira anthu wamba, monga amandla.mobi ndi Right2Know.

M'nkhani ino sitifuna kuloŵa m'munda wa akatswiri a zachuma. Ife tifuna kufunsa funso la mwini chinenero: pamene boma linena kuti lamva maganizo a anthu pa nkhani ya lamya zakumidzi, kodi lamva m'chinenero chanji, ndipo mawu amene agwiritsidwa ntchito pofunsapo alola yani kuyankha? Zitsanzo zathu zambiri tazitenga m'Chicheŵa. Tachita dala chotero, chifukwa Chicheŵa chimayankhulidwa m'misewu ya mzinda uno tsiku ndi tsiku ngakhale kuti sichili m'gulu la zinenero za boma, ndiponso chifukwa vuto limene likuwoneka pa Chicheŵa silisiyana kwenikweni ndi limene likuwoneka pa Chixhosa, Chitsonga kapena Chivenda.

2. Mneni wakuti -mva ndi misintho yake

Msonkhano wa mtundu umene tatchulawu Angerezi amautcha ndi dzina lochokera ku mneni wawo wa kumva. Wotanthauzira wa Chicheŵa akafika pa dzina limeneli amayamba waima, pakuti muzu wathu wa -mv- umabala aneni angapo, ndipo mneni aliyense amaika munthu wofunsa ndi munthu wofunsidwa pa malo osiyana. Taonani ziganizo izi:

(1) Boma lamva madandaulo a anthu.
(2) Boma lamvetsera madandaulo a anthu.
(3) Boma lamvetsa madandaulo a anthu.
(4) Boma lamvera madandaulo a anthu.
(5) Madandaulo a anthu amveka.
(6) Boma ndi anthu amvana.

M'chiganizo (1) mawu angofika m'khutu. Munthu amamva ngakhale mkokomo wa galimoto imene alibe nayo ntchito. Mu (2) womvayo watchera khutu mwadala. Mu (3) nkhani yaloŵa m'mutu, ndipo tikaŵirikiza msinthowo nkunena kuti lamvetsetsa, ndiye kuti palibe chatsala. Chiganizo (4) ndicho chovuta, pakuti msintho womchitira wasandutsa kumva kukhala kugonjera: mwana amamvera makolo, ndipo kunena kuti boma lamvera anthu ndiko kunena kuti lachita zimene iwo anafuna. Mu (5), pamene pali msintho wochitika, womva uja wachokamo m'chiganizo. Chatsala ndi mawu enieniwo, amene ali omveka kapena osamveka. Mu (6) mbali zonse ziŵiri zaima pa mlingo umodzi.

Tsono chilengezo choitanira anthu ku msonkhano chiyenera kusankha mneni mmodzi mwa aneni ameneŵa, ndipo kusankhako ndi lonjezo. Wolemba kuti "boma lidzamvera maganizo anu" walonjeza zimene lamulo silinalonjeze. Wolemba kuti "boma lidzamva maganizo anu" sanalonjeze kanthu, ndipo mkulu wa kumudzi amene anazoloŵera milandu ya pabwalo adzazindikira msanga kuti akumuitanira kudzakhala mboni chabe. Ife tikuganiza kuti mneni woyenera ndi -mvetsera. Chifukwa chake tichipeza m'chigamulo cha Bwalo Lalikulu la Malamulo Oyendetsera Dziko cha mu Ogasiti 2006 pa mlandu wa Doctors for Life International, chimene anachilemba ndi woweruza Sandile Ngcobo. Bwalolo linathetsa mphamvu ya malamulo aŵiri, limodzi mwa iwo lokhudza asing'anga, chifukwa nyumba yachiŵiri ya Malamulo, yoimira zigawo, sinapatse anthu mpata wokwanira woti anenepo zakukhosi. Chigamulocho sichinakakamize aphungu kutsata zimene anthu anena. Chinawakakamiza kupereka mwayi weniweni woti anthu ayankhule, mawu awo nkulingaliridwa. Chinkanena za Nyumba ya Malamulo, osati za mabungwe ofufuza za malonda, komabe muyeso umene chinaika ndiwo umene anthu amayesera nawo msonkhano uliwonse wa boma kuyambira nthaŵi imeneyo.

Boma la South Africa linazindikira kalekale kuti liwu la Chingerezi silifika patali, nchifukwa chake misonkhano ya atsogoleri ndi anthu amaitcha imbizo, dzina la Chizulu, monga Asotho ndi Atswana ali ndi pitso ndi kgotla. Ife tili ndi bwalo. Koma dzina lakale likaikidwa pa msonkhano watsopano limadza ndi katundu wake. Pabwalo munthu amayankhula m'chinenero chake, nthaŵi samuŵerengera ndi wotchi, ndipo chigamulo chimaperekedwa iye ali pomwepo. Pa kafukufuku wa boma munthu amalembetsa dzina pasadakhale, amapatsidwa mphindi zoŵerengeka, ndipo yankho limadza patapita chaka m'buku lalikulu. Lipoti loyamba la kafukufuku wa deta linatuluka mu Epulo 2019, lomaliza pa 2 Disembala 2019, onse aŵiri m'Chingerezi cha akatswiri a zachuma.

3. Lamya zakumidzi: zimene zinachitika anthu asanafunsidwe

Mbiri ya lamya zakumidzi m'dziko lino tingaidule mwachidule. Kuyambira 1997 kufikira 2002 kampani ya Telkom inapatsidwa ufulu wokhala yokha pa malonda a lamya zam'nyumba, posinthana ndi lonjezo lakuti ikoke mawaya kufikira kumadera amene anasalidwa m'nthaŵi ya tsankho. Lamya zoposa mamiliyoni aŵiri zinalumikizidwa, koma zambiri mwa izo zinadulidwanso chifukwa eni ake analephera kulipira mwezi ndi mwezi. Kenaka lamulo la mu 2001 linatsegula njira yopereka ziphaso kwa makampani ang'onoang'ono m'madera amene munali lamya zosakwana 5 pa anthu 100 aliwonse. Ziphaso zoyamba zinaperekedwa mu 2004, ndipo ambiri mwa makampaniwo sanakhalitse, pakuti nthaŵi imeneyo foni za m'manja zolipiriratu zinali zitafika kale m'matumba mwa anthu. M'njira zonse ziŵiri funso linali lakuti waya wafika pati. Funso lakuti mayi wa kumudzi angathe kulipira zingati pa mlungu linadza mochedwa.

Chitsanzo chosiyana ndi chimenechi chili ku Mankosi, m'dera la Nyandeni ku Eastern Cape. Kumeneko anthu a m'midzi, mothandizana ndi ofufuza a ku University of the Western Cape, anamanga netiweki yawoyawo yoyendera mphamvu ya dzuŵa, naiyendetsa monga kopaletivi, ndipo mu 2014 bungwe loyang'anira za mauthenga la ICASA linawalola kugwira ntchito popanda chiphaso chimene makampani aakulu amagula. Ofufuza omwewo anapeza kuti anthu a ku Mankosi ankawononga pafupifupi 22 peresenti ya ndalama zawo pa kuimba ndi kutchaja foni. Kwa ife ophunzira zinenero za Bantu dzina la kopaletiviyo ndi phunziro palokha. Amaitcha Zenzeleni: zi- wodzichitira, muzu -enz- wa kuchita, msintho womchitira -el-, ndi -ni wolamula anthu ambiri. M'Chicheŵa liwu limeneli limagwa chimodzimodzi, chiwalo ndi chiwalo: dzi-chit-ir-e-ni. Palibe amene anafunika kutanthauzira dzina limeneli kwa anthu a ku Mankosi, ndipo nkhani za mtengo ndi za malo oikapo zipangizo zinkakambidwa m'Chixhosa pamaso pa mafumu awo.

4. Liwu lakuti deta ndi matanthauzo ake aŵiri

Chicheŵa sichinavutike kulandira mawu a foni. Liwu lakale la lamya likadalipo m'nyuzi ndi pa wailesi, koma pakamwa pa anthu pali foni, dzina limene linaloŵa m'gulu la I-Zi (foni iyi, foni izi) ngakhale ena amati mafoni. Pali mayunitsi, liwu limene limadza kaŵirikaŵiri m'kuchulukitsa mokha. Pali bandulo, netiweki, nsanja. Pali kuflasha, kumene ndi kuimba kamodzi nkudula kuti winayo aimbe ndiye. Mawu onseŵa anabadwira pamsika. Palibe limodzi limene linapangidwa ndi Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, kapena ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba imene inaloŵa m'malo mwake mu 1996. Sitikunena izi monyoza mabungwewo. Mawu a chinthu chogulidwa tsiku ndi tsiku sadikira komiti.

Deta nalo linaloŵa motero, koma linaloŵa ndi tanthauzo limodzi lokha. Kwa Mcheŵa deta ndi chinthu chimene chimagulidwa, chimatha, ndipo chimapsa tsiku lake likakwana. Aneni amene amayenda nalo ndi omwewo amene amayenda ndi mchere kapena palafini: kugula, kutha, kudya, kugaŵira mnzako. Pa tanthauzo limeneli munthu wa kumudzi ndi katswiri, ndipo safuna womuphunzitsa. Iye anadziŵa kale chimene lipoti la Disembala 2019 linadzatsimikiza, kuti wogula bandulo yaing'ono amalipira zambiri pa megabaiti iliyonse kuposa wogula yaikulu, kotero kuti mtengo umalemera pa wosauka. Lipotilo linati Vodacom ndi MTN atsitse mitengo ya mabandulo olipiriratu a pamwezi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kufikira theka, ndipo mu Epulo 2020 bandulo ya gigabaiti imodzi ya pamwezi inatsika kuchoka pa R149 kufika pa R99. Chimodzimodzinso malamulo a ICASA amene anayamba kugwira ntchito mu 2019, olamula kuti wogula achenjezedwe deta yake ikatha ndi 50, 80 ndi 100 peresenti, kuti yotsala itheke kupitirira ku mwezi wina, ndi kuti asamudyere mayunitsi bandulo ikatha iye asanavomere, anayankha madandaulo amene munthu aliyense akanatha kuwanena m'chinenero chake. Bungwe la amandla.mobi linasonkhanitsa mawu a anthu kudzera pa mauthenga a pafoni m'zinenero zingapo za dziko lino, ndipo apa tingathe kunena kuti madandaulo anamveka.

Tanthauzo lachiŵiri ndilo limene silinaloŵe. M'malamulo, liwu lomweli limaimira zonse zolembedwa ndi kusungidwa m'makompyuta: dzina la munthu, nambala ya chiphaso chake, kumene foni yake inali usiku wathawu, amene anawatumizira ndalama. Pa 1 Epulo 2021 nduna Stella Ndabeni-Abrahams inafalitsa m'nyuzi ya boma ndondomeko yoyesera ya za deta ndi kasungidwe kake, nipempha anthu kuti atumize maganizo awo molemba m'milungu yoŵerengeka. Mwa zina, ndondomeko yoyeserayo inkati deta yopangidwa m'dziko la South Africa ikhale chuma cha South Africa, kaya kampani yoisungayo ili ndi likulu kunja. Mfundo imeneyi inautsa mkangano pakati pa maloya, makampani ndi ophunzira, ndipo ndondomeko yomaliza, imene inatuluka pa 31 Meyi 2024, inafeŵetsa zambiri. Koma tayesani kuŵerengera mayi wa ku Hammanskraal kapena mnyamata wochokera ku Mangochi chiganizo chakuti "deta yopangidwa m'dziko lino ndi ya dziko lino". Iye adzamva kuti boma likufuna kulanda bandulo yake, kapena kuti likufuna kuigaŵa ulere. Tinayesa zimenezi pa kagulu ka Amalaŵi titatuluka m'tchalitchi china cha mumzinda uno, ndipo funso loyamba limene tinalandira linali lakuti, "Ndiye azitipatsa zingati pa mwezi?"

Wotanthauzira akafuna kuthaŵa msampha umenewu amagwa mu wina. Akhoza kunena kuti chidziŵitso, koma liwu limeneli anthu analizoloŵera pa zolengeza za pa wailesi ndi zomata pakhoma. Akhoza kunena kuti mbiri ya munthu, koma mbiri imakhudza kutchuka ndi khalidwe, ndipo kuteteza mbiri ya munthu ndiko kumuteteza ku miseche. Akhoza kunena kuti zinsinsi, koma nambala ya foni si chinsinsi, ndipo munthu akauzidwa kuti kampani ikusunga zinsinsi zake amaganiza za zinthu zochititsa manyazi. Mawu amene ife tawapeza oyandikira ndi akuti "zolembedwa zokhudza munthu", ngakhale ndi otalika.

Vuto lenileni lili mozama kuposa dzina. Lili mu -a waumwini. Taonani:

(7) chithunzi cha mfumu
(8) zolembedwa za Nabanda

Chitsanzo (7) chingatanthauze chithunzi chimene mfumu ili mwini wake, chithunzi chimene chikuwonetsa nkhope ya mfumu, kapena chithunzi chimene mfumu inajambula. Chimodzimodzi (8): zimene Nabanda analemba, zimene ali nazo m'bokosi mwake, kapena zimene ena analemba za iye. M'kuyankhula kwa masiku onse kusokonezeka kumeneku sikuvuta, pakuti nkhani yokha imalongosola. Koma mkangano wonse wa ndondomeko ya deta wagona pa kulekanitsa matanthauzo atatu omweŵa. Zolembedwa zonena za munthu zimapangidwa ndi makina a kampani, zimasungidwa mwina kunja kwa dziko, ndipo boma linkafuna kuzitcha zake. Lamulo loteteza zolembedwa zokhudza anthu la mu 2013, limene anthu amalitcha POPIA ndipo linayamba kutsatidwa mokwanira pa 1 Julaye 2021, limasiyanitsa munthu amene zolembedwazo zikunena za iye ndi amene akuzisunga ndi kuzigwiritsa ntchito. Chicheŵa chingathe kusiyanitsa zimenezi bwino lomwe, koma chimatero ndi aneni, osati ndi maina: wonenedwa, wosunga, mwini. Wotanthauzira amene atsata Chingerezi dzina ndi dzina, nangolumikiza zonse ndi za, cha ndi ya, amabisa funso lomwe anthu anaitanidwira. Abale athu a Chizulu ndi Chisotho adzavomereza kuti -a wawo amachita zomwezo.

5. Amene lamulo silinawatchule

Gawo 6 la Malamulo Oyendetsera Dziko a mu 1996 linatchula zinenero za boma 11, ndipo mu Julaye 2023 chinenero chamanja chinawonjezedwa kukhala cha 12. Gawo lomwelo limalamula bungwe la PanSALB, limene lilinso muno mu Pretoria, kulimbikitsa ulemu pa zinenero zonse zimene magulu a anthu amayankhula m'dziko lino, ndipo limapereka zitsanzo monga Chijeremani, Chigiriki, Chigujarati, Chipwitikizi ndi Chitamil. Chicheŵa sichinatchulidwe, ngakhale kuti Amalaŵi anayamba kubwera ku migodi ya kuno zaka zoposa zana zapitazo. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu obadwira ku Malaŵi pafupifupi 200,000, ndipo anaika Chicheŵa pa mndandanda wa zinenero za panyumba pamodzi ndi Chishona ndi Chipwitikizi.

Anthu ameneŵa nkhani ya lamya zakumidzi imawakhudza kaŵiri. Agogo awo a pa Wenela ankadikira kalata miyezi. Iwo amaimba pa WhatsApp madzulo aliwonse, ndipo kuimbako kumafuna deta ku Mamelodi ndi deta ku Ntcheu, ndiponso nsanja imene ikugwira kumudziko. Kaŵirikaŵiri amene ali kuno ndiye amalipira mbali zonse ziŵiri. Tanthauzo lachiŵiri la deta nalonso amalidziŵa ndi thupi lawo, ngakhale alibe dzina lake. Kuyambira mu 2009 lamulo lotchedwa RICA limafuna kuti wogula simu khadi awonetse chiphaso ndi umboni wa kumene akukhala, ndipo ku Malaŵi kulembetsa simu khadi kunakhala kokakamiza mu 2018, chitatha chaka cha kalembera wa ziphaso za unzika. Munthu amene mapepala ake sanalongosoke amadziŵa bwino chifukwa chake safuna kuti dzina lake, nambala yake ndi malo ake zikhale m'buku limodzi. Ali ndi maganizo pa ndondomeko ya deta, ndipo ndi maganizo ochokera m'zimene wakumana nazo. Koma ndiye womalizira kufika pa msonkhano umene pakhomo pake amalembetsa maina.

Pali kakhomo kamodzi m'lamulo. Lamulo la kagwiritsidwe ntchito ka zinenero za boma la mu 2012 limafuna kuti unduna uliwonse ndi bungwe lililonse la boma lalikulu lisankhe zinenero zosachepera zitatu zogwirira ntchito, ndiponso kuti lifotokoze m'mene lidzayankhulire ndi anthu amene chinenero chawo sichili pakati pa zosankhidwazo. Mawu otsirizaŵa ndi otakata mokwanira kuti Mcheŵa aloŵemo. Chimene chikusoŵa ndi otanthauzira ophunzitsidwa ndi mndandanda wa mawu ogwirizana, ndipo apa mpamene ife a m'mayunivesite sitingaloze chala boma lokha.

Kwathu ku Malaŵi zinthu sizinapambane kwenikweni, ngakhale Chicheŵa chakhala chinenero cha fuko kuyambira 1968. Bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, linapatsidwa ndi lamulo la mu 2016 thumba la ndalama lofikitsira mauthenga kumadera akutali, ndipo lamulo loteteza deta la mu 2024 linaika bungwe lomwelo kukhala woyang'anira zolembedwa zokhudza anthu. Motero matanthauzo onse aŵiri a deta akhala pansi pa denga limodzi, ndipo wolemba chilengezo cha pa wailesi chochokera ku bungwelo ayenera kunena poyera kuti lero akunena za deta iti. Malamulowo analembedwa m'Chingerezi. Amene adzawatembenuzire m'Chicheŵa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao adzakumana ndi chitsanzo (8) pa tsamba loyamba lomwe, pamene lamulo likufotokoza kuti munthu wonenedwa m'zolembedwa ndani ndipo wozisunga ndani. Ife tikupempha kuti asalembe "mwini deta" pa munthu wonenedwayo, ngakhale mawuwo ndi aafupi ndi okoma m'khutu, chifukwa umwini ndiwo mfundo imene inautsa mkangano kuno mu 2021, ndipo womasulira alibe mphamvu yogamula mlandu umene opanga malamulo anaulambalala.